Teleza ndi Makoswe a M'denga

Teleza anali mtsikana wamng'ono. Ankakhala ku Thyolo, pa esiteti ya tiyi. Kunali kalekale. Masiku amenewo magalimoto anali osowa. Anthu ankayenda pansi.

Teleza ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna amayi ake.

Amayi ake anali a Lestina. Iwo anali atapita kwa Changata, kwa achemwali awo. Anapita kukachira. Kumeneko kunabadwa mwana wamwamuna. Dzina lake linali Zakeyu. Teleza anali asanamuone. Anangomva dzina basi.

Madzulo aliwonse Teleza ankakhala pakhomo. Ankayang'ana njira. Njirayo inkadutsa pakati pa tiyi. Tiyi uku, tiyi uko, kubiriwira kokhakokha.

Koma njira inali zii. Amayi sanabwere.

Abambo ake a Teleza anali a Fabiano. Iwo anachokera kutali, kwa Apwitikizi. Ntchito yawo inali yothyola tiyi. Belu likalira m'mawa, ankanyamula dengu n'kupita. Ankabwerako dzuwa litapendeka. Ankabwerako atatopa.

"Ababa, amayi abwera liti?" Teleza ankafunsa.

"Posachedwa, mwana wanga."

"Posachedwa ndi liti?"

A Fabiano ankangomusisita kumutu.

Popita, amayi anasiya nsalu yawo yakale. Inali nsalu ya biriwita. Inali yofewa. Inkamveka kafungo ka utsi. Inkamveka kafungo ka mafuta a nsatsi. Inkamveka kafungo ka amayi.

Teleza anaipinda bwinobwino. Anaibisa m'kadengu, pakona. Akawasowa amayi, ankainunkhiza. Akamagona, ankaifunda. Sanauze munthu.

Chichokereni amayi, nyumba inasintha. Ababa analibe nthawi. Teleza anali wamng'ono. Madeya anatayika pansi. Makoko a nthochi anaunjikana kuseri. Udzu unamera mpaka pakhonde.

Ndiye kunabwera makoswe.

Makoswe analowa m'denga. Tswii! Tswii! Anadya nandolo. Anadya chinangwa chouma. Anaboola dengu la ababa. Anakumba mauna m'munsi mwa khoma.

Si kwa Teleza kokha ayi. Nyumba za antchito zinali pamzere umodzi. Anthu ankati ku layini. Makoswe anali ponseponse ku layini.

Tsiku lina ababa anabwera akumwetulira.

"Teleza! Uthenga wafika. Amayi ako abwera Lamulungu."

"Ndi Zakeyu yemwe?"

"Eee, ndi Zakeyu yemwe."

Teleza analumpha. Anavina. Anathamangira kwa amake Amosi, oyandikana nawo nyumba.

"Amayi akubwera! Amayi akubwera!"

"Koma ndiye wasekerera lero," anatero amake Amosi. "Mano onse pamtunda!"

Loweruka masana ku layini kunafika mlendo. Anali wamtali. Anavala kabudula wa kaki. Dzanja lina ananyamula ndodo. Dzanja lina ananyamula choko.

"A zaumoyo! A zaumoyo afika!" amayi ena anakuwa.

Aliyense anagwira tsache. Fumbi linati koboo!

Mlendoyo anali a Bizwick. Ntchito yawo inali yoyendera nyumba. Ankaona ngati muli makoswe. Ankaona ngati muli nsikidzi. Ankaona ngati muli utitiri.

Analowa nyumba iyi. Anatuluka. Analowa nyumba iyo. Anatuluka. Kenaka anaima pakhomo pa a Fabiano.

"Odi kuno!"

"Lowani, bambo," anayankha a Fabiano.

A Bizwick analowa. Anayang'ana pansi. Anayang'ana m'makona. Anakweza ndodo n'kugogoda denga.

Phii! Khoswe wamkulu anagwa. Anadutsa pakati pa miyendo yawo n'kuthawa.

A Bizwick anatukula mphasa. Nsikidzi zinabalalika. Anayang'ana miyendo ya Teleza. Inali ndi tizilonda ta utitiri.

"Muno mumagona anthu angati?" anafunsa.

"Ine ndi mwanayu," anatero a Fabiano. "Koma mawa akubwera amake. Akubwera ndi khanda."

A Bizwick anapukusa mutu.

"Pepani, a Fabiano. Khanda lisalowe muno."

Teleza anasendera pafupi.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

A Bizwick anamuyang'ana. "Mwanawe, makoswe amayenda ndi utitiri. Utitiri umaluma anthu. Nthawi zina umasiya matenda. Khanda ndi lofooka. Silingapirire."

Atatero anatuluka. Anajambula mtanda woyera pachitseko.

"Mtanda uwu ukutanthauza kuti nyumba sinayere," anatero. "Ndidzabweranso Loweruka. Nyumba ikadzayera, mtanda udzachoka."

Ababa anatumiza mawu kwa Changata. Anati amayi ayambe adikira.

Lamulungu linafika. Teleza anakhala pakhomo. Anayang'ana njira.

Njira inali zii. Amayi sanabwere.

Teleza analira. Anayang'ana mtanda uja. Unamunyansa. Ananyowetsa dzanja lake m'madzi. Anaima chonyang'ama. Anafuna kuufufuta.

"Iwe Teleza!"

Anali amake Amosi. Anali atasenza mtolo wa nkhuni.

"Ukutani pamenepo?"

"Ndikuchotsa mtanda. Mtandawu watsekereza amayi."

Amake Amosi anatula nkhuni. Anakhala pakhonde.

"Tabwera kuno. Ukachotsa mtanda, makoswe achoka?"

Teleza anaganiza. "Ayi."

"Nsikidzi zichoka?"

"Ayi."

"Nanga tichotse chiyani?"

Teleza anapukuta misozi. "Tichotse makoswe."

"Basitu. Pachitseko chathunso pali mtanda. Tigwirira limodzi."

M'mawa mwake belu linalira. Ababa anapita kukathyola tiyi. Teleza anatenga tsache.

Anasesa m'nyumba. Anasesa pakhonde. Anasesa kuseri. Anawola madeya. Anatola makoko a nthochi. Amake Amosi anakumba dzenje. Zinyalala zonse anataya m'dzenjemo.

Teleza anazula udzu. Manja anamuwawa. Msana unamuwawa. Koma sanasiye.

"Amayi abwere," ankanena yekha. "Zakeyu abwere."

Tsiku lotsatira anafunafuna mauna a makoswe. Una uwu, mwala. Una uwo, mwala. Pamwamba pake anamata dothi.

Amake Amosi anamuphunzitsa kuzira. Anatenga dothi lonyowa. Analipaka pansi ndi dzanja. Kenaka anakhuluza ndi mwala wosalala.

"Amayi ako amazira bwino kwambiri," anatero. "Pansi pamachita kuwala."

"Inenso ndizira ngati amayi," anatero Teleza.

Anazira mokhotakhota. Dothi linamufika mpaka pamphuno. Amake Amosi anaseka. Teleza nayenso anaseka pang'ono.

Koma m'denga munali mukumvekabe tswii, tswii.

"Ababa, makoswe akadali m'mwamba," anatero Teleza.

"Udzu wa dengali ndi wakale," anayankha ababa. "Tiusasule wonse."

Ataweruka, a Fabiano anaitana anzawo. Onse anali otopa. Koma anabwera. Anakwera padenga. Anayamba kusasula udzu.

Makoswe anatuluka. Aakulu, aang'ono, onse liwiro!

"Uyo! Uyo! Wadutsa apo!"

Agalu anathamangitsa. Ana anakuwa. Amake Amosi anakwera pamtondo. "Mayo ine! Andikwera!"

Udzu wakale anauunjika patali n'kuutentha. Tsiku linalo anabwera ndi udzu watsopano. Anafolera denga la a Fabiano. Kenaka anafolera la amake Amosi.

Tsopano m'denga munali zii.

Panatsala nsikidzi ndi utitiri. Amake Amosi anatereka mbiya yaikulu. Madzi anawira. Bwata, bwata, bwata!

"Bweretsa mphasa. Bweretsa zofunda. Bweretsa zovala zonse."

Teleza anabweretsa mphasa. Anabweretsa bulangete la ababa. Anabweretsa zovala.

Kenaka anaima pakona. Anayang'ana kadengu kaja. Anatulutsa nsalu ya amayi. Anainunkhiza. Ikalowa m'madzi, fungo lichoka. Anaibwezera msangamsanga.

"Wabweretsa zonse?" anafunsa amake Amosi.

Teleza anayang'ana pansi. "Eee," anatero.

Amake Amosi anathira madzi otentha pamphasa. Anaviika zofunda m'mbiya. Anayanika zonse panja.

Koma dzuwa linabisala. Kunabwera chiperoni. Nkhungu inaphimba tiyi yense. Kamvula kanayamba kuwaza. Kunazizira.

Mphasa sizinaume. Bulangete silinaume.

Teleza anakhala pakhomo. Anakumbatira mawondo ake. Anayang'ana njira. Ngakhale njirayo sinkaoneka.

"Kodi kwa Changata kukuziziranso?" anafunsa.

"Mwina kukuzizira," anayankha ababa.

"Zakeyu wafunda?"

"Wafunda. Ali kumsana kwa amayi ako."

Teleza anakumbukira. Kale iyenso ankagona kumsana komweko.

"Ababa, amayi akundikumbuka?"

A Fabiano anamukokera pafupi. "Akukukumbuka m'mawa. Akukukumbuka masana. Akukukumbuka madzulo."

"Inunso mwawasowa?"

Ababa anayang'ana kunkhungu kuja. "Kwambiri," anatero.

Lachisanu dzuwa linatuluka. Linawala ngwee! Mphasa zinauma. Zofunda zinauma. Teleza anazilowetsa m'nyumba.

Loweruka a Bizwick anabweranso. Ndodo inali m'manja.

"Odi kuno!"

"Lowani, bambo."

Anagogoda denga. Go, go, go! Palibe chinagwa. Anatukula mphasa. Panalibe nsikidzi. Anazungulira kuseri. Kunali koyera. Anaona dzenje la zinyalala. Anagwedeza mutu.

"Wazira pansipa ndani?"

"Ndine," anatero Teleza.

"Wazira bwino."

A Bizwick anapita pachitseko. Anakweza dzanja kuti afufute mtanda. Teleza anayang'anitsitsa. Pomwepo khosi linamuyabwa. Anakanda. Anakandanso.

Dzanja la a Bizwick linaima.

"Tabwera, mwanawe. Ndione khosi lako."

Pakhosi panali tizilonda tatsopano. Tinali pamzere.

"Izi ndi nsikidzi," anatero a Bizwick. "Zakuluma posachedwapa. Umafunda chiyani pogona?"

Teleza anayang'ana pakona.

"Yankha, mwana wanga," anatero ababa.

Teleza anayenda pang'onopang'ono. Anapita pakona. Anatsegula kadengu. Anabwera ndi nsalu ya biriwita. Anaigwira zolimba pachifuwa.

"Imeneyo ndi ya amake," anatero ababa modabwa. "Ine ndimati inatayika."

A Bizwick anatambasula dzanja. "Ndione nawo."

Anafunyulula nsalu ija. Anatsegula mumpendero. Munali nsikidzi. Munalinso timazira take toyera.

"Waona?" anatero. "Zabisala muno. Mawa zibwerera pamphasa. Mkuja ziluma khanda."

"Musaitenthe!" anakuwa Teleza. "Chonde, musaitenthe!"

"Sititentha ayi. Tingoiviika m'madzi owira."

Misozi inatsika m'masaya mwa Teleza.

"Koma fungo la amayi lichoka."

Ababa anatembenukira kukhoma.

A Bizwick anaika ndodo pansi. Ananjuta. Tsopano sanalinso wamtali.

"Dzina lako ndani?"

"Teleza."

"Teleza, inenso ndili ndi mwana wamkazi. Ndi wamsinkhu wako. Ali kwathu, kutali. Ndimayenda m'nyumba za anthu tsiku ndi tsiku. Koma m'nyumba mwanga sindinalowemo kalekale."

"Mumamusowa?"

"Ndimamusowa. Ndiye ndikukumvetsa."

Anamubwezera nsalu ija.

"Sindikulanda. Usankhe wekha. Ukufuna fungo la amayi, kapena amayi eni ake?"

Teleza anayang'ana nsalu. Anayang'ana chitseko. Anaganiza za Zakeyu. Anaganiza za khosi lake laling'ono.

"Amayi eni ake," anatero.

Amake Amosi anatereka mbiya. Madzi anawira. Bwata, bwata, bwata!

Teleza anaika nsalu pamphuno. Anainunkhiza komaliza. Anakoka mpweya wautali. Kenaka anaipereka. Amake Amosi anaiviika ndi kamtengo. Kadengu kaja anakathiranso madzi otentha.

"Ine ndipite ku nyumba zam'munsizo," anatero a Bizwick. "Pobwerera ndidzera pano."

Teleza anayanika nsalu pachingwe. Anakhala pambali pake. Anadikira. Mphepo inawomba. Dzuwa linawala. Nsalu inauma.

Anainunkhiza. Inkangomveka dzuwa. Mtima unamuwawa pang'ono. Koma sanalire.

Dzuwa litapendeka, a Bizwick anatulukira. Anaona mumpendero. Anaona m'kadengu. Anaonanso pansi pa mphasa.

"Tsopano nyumba yayera," anatero.

Ananyowetsa kansanza. Anamupatsa Teleza.

"Ntchito wagwira ndiwe. Fufuta wekha."

Teleza sanafikire bwino. Ababa anamunyamula. Anafufuta uku. Anafufuta uko. Mtanda unachoka.

Amake Amosi analulutira. Mtanda wawonso unali utachoka.

"Zikomo, bambo," anatero a Fabiano.

"Zikomo kwambiri," anatero Teleza atagwada. "Mukamupatse moni mwana wanu."

A Bizwick anamwetulira. "Ndikapereka." Anatola ndodo yawo n'kumapita.

Lamulungu ababa analawirira. Anapita kwa Changata kukatenga amayi. Teleza anatsala ndi amake Amosi.

Teleza anasesa m'nyumba. Anasesanso kachiwiri. Anatunga madzi. Anasamba. Kenaka anakhala pakhomo.

"Bwera udye nyemba za kalongonda," anaitana amake Amosi.

"Ndilibe njala."

"Bwera ukhale pamthunzi."

"Ndili bwino pompano."

Dzuwa linafika pamutu. Kunjira kunadutsa munthu wa nthochi. Sanali amayi. Kunadutsa anthu ochokera kutchalitchi. Sanali amayi.

Dzuwa linayamba kutsika. Maso a Teleza anatopa.

Kenaka kutali, pakati pa tiyi, kunaoneka anthu awiri. Wina anali atanyamula mtolo paphewa. Wina anali ndi kanthu kumsana. Ankayenda pang'onopang'ono.

Teleza anaimirira. Anayang'anitsitsa. Mayendedwe awo ankawadziwa.

"Amayi!"

Anathamanga. Anapunthwa. Anadzuka. Anathamanganso.

"Amayi! Amayi!"

A Lestina anagwada panjira. Anatambasula manja. Teleza anagwera m'manjamo. Anawagwira zolimba.

"Mwana wanga," anatero amayi. "Mwana wanga Teleza. Wakula chonchi?"

"Munachedwa," anatero Teleza.

"Ndinachedwadi. Koma ndabwera."

Kumsana kunamveka kamawu. "Ng'ee!"

Amayi anatembenuka pang'ono. Teleza anasuzumira. Anaona kamutu kakang'ono. Anaona timaso tiwiri. Anaona kamphuno ngati nyemba.

"Uyu ndi Zakeyu," anatero amayi. "Zakeyu, awa ndi achemwali ako."

Teleza anaseka. Palibe anali atamutchulapo achemwali.

Anafika kunyumba. Amayi anaima pakhomo. Anayang'ana denga latsopano. Anayang'ana pansi. Anagwira pakamwa.

"Nyumba yathu yomwe ija?"

"Yomweyo," anatero ababa. "Afunseni achemwali a Zakeyu."

"Makoswe onse anathawa," anatero Teleza. "Mmodzi anafuna kuwakwera amake Amosi!"

"Usandichititse manyazi iwe!" anakuwa amake Amosi ali panja.

Teleza anayala mphasa. Anakhala pansi. Anatambalala.

"Amayi, ndimunyamule?"

"Gwira mutu bwino."

Amayi anamuika Zakeyu pamiyendo pa Teleza. Anali wofunda. Anali wopepuka. Anayasamula. Anagwira chala cha Teleza.

"Zakeyu," ananong'ona Teleza, "kuno ndi kwanu. Muno mulibe chokuluma."

Zakeyu anamuyang'ana. Anakwinya kankhope. Kenaka Teleza anamva kutentha pamiyendo. Anamva kunyowa. Timadzi tinayenderera mpaka pamphasa.

"Amayi! Wandikodzera!"

Ababa anaseka mpaka kugwira m'mimba. Amayi anaseka mpaka misozi.

"Ndi moni wake ameneyo," anatero amayi. "Wakukonda. Bwera naye ndimusinthe."

Koma Teleza sanamupereke. Anamukumbatira bwinobwino.

"Dikirani pang'ono," anatero. "Mphasayi ndichapa mawa."